Akufuna Naomi kutsidya

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Chadiza tilipo ndithu. Mvula yagwa bwino chaka chino, moti njala ya chimanga chachikasu yomwe munatisiya nayo ija tayamba kuiwala. Munda wanu wa ku Zemba watipatsa mtedza wodzaza ngolo, thonje lokha ndilo linadyedwa ndi mbozi. Mkazi wa mlongo wanga Sandikonda wachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu.

Koma amayi, nkhani ya dambo yauka.

Mukuidziwa kuposa ine. Amalume anu, ali mfumu, anakuperekani kutsidya kwa mtsinje muli kamtsikana, kuti midzi iwiri ileke kumenyanirana dambo lija. Inu mwana wa ku ufumu munakakhala chitengwa kwa atate, munthu amene munamuona koyamba tsiku la ukwati. Pokusula chimanga munkati, "Ine ndine mlatho, wa uku andiponda, wa uko andiponda," ife ana n'kumaseka.

Chikuikireni m'manda, abale a atate akuti ubale unapita ndi inu. Mwezi watha anatema miyendo ng'ombe za kwathu, kumudzi kumene munabadwira, zikumwa madzi. Kenaka nkhokwe ya Sandikonda inapsa masanasana, ana akusewera pomwepo.

Lamulungu lapitali amalume a Yohane, amene ali pampando tsopano, anabwera panjinga n'kundipeza kunyumba nditangochokera kutchalitchi. Sanakalipe ayi. Awonda, amayi, nawonso sakuona tulo. Anati, "Mphwanga, akutsidya akuti tiwapatse mwana wako Naomi, akwatiwe ndi mphwake wa mfumu yawo. Apo ayi, wina afera m'dambo muja tisanadzale."

Ndinati, "Amalume, Naomi ali giredi naini. Bamboyo ali kale ndi akazi awiri."

Iwo anayang'ana pansi n'kuti, "Mlongo wanga, mayi ako, sanakane."

Naomi anali kuseri kwa chitseko, anamva zonse. Amalume atapita anandifunsa kuti, "Amama, ndikakana, amalume Sandikonda awapha?" Ndinangomugwira dzanja, linali lozizira ngati madzi a m'mtsuko.

Dzulo amuna awiri achilendo anaima ndi njinga pachipata cha sukulu, akufunsa ana kuti Naomi ndi uti. Aphunzitsi ake anachita kumuperekeza mpaka kumsika kumene ndimagulitsa. Lero m'mawa ndamukweza minibasi ya ku Chipata, akakhale kwa mayi wina amene tinkapemphera naye. Galimoto ikunyamuka sanalire, koma anandiyang'anitsitsa pazenera mpaka fumbi linatibisana. Ndabwerera kunyumba ndikucheukacheuka belu la njinga likangolira kumbuyo.

Loweruka ndiitanidwa kumudzi, mafumu onse awiri adzakhalapo. Ndikanena ndekha pabwalo kuti mwanayo ndamuchotsa. Sindikudziwa chimene akutsidya adzamuchite Sandikonda pambuyo pake. Ndinamutumira mawu kuti asamapite yekha kumunda, iye wangoyankha kuti, "Wachita bwino, mlongo," koma amene ndinamutumayo akuti anali akunola nkhwangwa.

Amayi, akanakufunsani tsiku lija, kodi mukanavomera? Ndikapemphera funso limeneli limandidula mawu.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri sabata ino. Ndikukulonjezani chinthu chimodzi: kaya andiopseze, kaya andichotse pamtundu, kumene kuli Naomi sakakumva pakamwa panga.

Ndine mwana wanu,
Tikambenji