Ndaphwanya Lonjezo pa Vani Yako

Thambani,
Mwanza.
21 Juni 1999.

Wokondedwa mwana wanga Dunstan,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko ndi chisanu chakecho. Kuno tilipo, manachesi apsa mpaka nthambi kuthyoka. Akulembawa ndi amayi ako, ine changa ndi pakamwa monga ukudziwa, ndipo andichenjeza kale kuti mapepala ndi awiri okha. Tiona.

Ndiyambe ndi mlandu wanga. Tsiku unkanyamuka lija unaloza vani yako n'kunena kuti, "Bambo, nthano muzinena, koma sipanala pa galimotoyi ayi. Ikavuta, Yakobe apite nayo ku galaja." Ndinavomera. Mwana wanga, lonjezolo ndaliphwanya, ndipo manyazi ndawafunafuna, sindikuwapeza.

Zinayamba Lachitatu. Anamwino a pa Thambani atawayeza akazi ako a Thandie, anati mwana wakhala mopingasa, asachirire kuno, akafike kuchipatala cha ku boma lisanakwane Loweruka. Tsiku lomwelo Yakobe, dalaivala wakoyu, akulowa pabwalo kuchokera kotula manachesi, ine ndili pakhonde, ndinamva kumbuyo kwa galimoto kuti kweee, ngati mpeni pamwala.

Ndinati, "Yakobe, chitsulo chikudya chinzake uko."

Iye akuti, "Aa, madala, ndi fumbi limenelo. Ine pazitunda ndimatsika ndi magiya."

Ndinati, "Manachesi utsike nawo ndi magiya. Mpongozi wanga ayi."

Nanga galaja unanenalo sili kuseri kwa zitunda zomwezo? Ikanafikako bwanji? Ndiye Lachinayi m'mawa ndinaikweza pa jeke, n'kuisanjikira miyala, n'kuchotsa matayala akumbuyo. Iwe zaka zisanu ndi zitatu zimene ndinakhala ndikutsuka zitsulo kwa a Zuwawu, makaniko wa ku Zobuwe, unkaziyesa nthanonso. Sizinali nthano.

Nditagogoda dilamu ya buleki ya kumanja n'kuivula, mashuzi, zitsulo zokhota zija zimene zimagwira tayala, anali atatha psiti, kusalala ngati supuni. Tsono lamulo la munthu wosawerenga ndi ili: umasule mbali imodzi yokha. Mbali inayo ndiye buku lako, ukasokonezeka umazungulira n'kukasuzumira. Ndinamasula ya kumanja, n'kumuuza Yakobe kuti atenge shuzi imodzi, akwere matola akagule ofanana nayo ku boma. Ine ndinapita kukaona a Liness, aneba athu aja, amene ankadwala.

Pobwera masana, ndinapeza Yakobe wapita, ndipo buku langa walithothola! Wamasulanso mbali ya kumanzere. Masipuling'i, timapini, tizitsulo ta mano, zonse wazithira m'beseni limodzi la amayi ako. Ngakhale kapisitoni kanatuluka, mafuta a mabuleki n'kutayikira pansi. Atabwera Lachisanu m'mawa ndinamufunsa, iye akuti, "Ndimati a kusitolo aone mbali zonse, angatipatse zolakwika." Mtima wake unali wabwino, mutu ndi umene unatsalira pa matola.

Apa ndiulule, poti amayi ako akundiyang'ana. Ndinakhala pansi ndi beseni lija pamiyendo, osadziwa poyambira. Papita zaka makumi atatu ndisanagwire buleki. Ndili chikhalire, amayi ako anatuluka m'nyumba, n'kuwerama, n'kundinong'oneza kuti, "Bambo, a Thandie ayamba kugwira msana. Loweruka safika."

Ndinatsinzina. Ndipo ndinawamva a Zuwawu, ndi mawu awo a fodya aja, chifukwa iwonso cholembera sankachidziwa, ankaphunzitsa ndi nthano. Ankati mashuzi awiri ndi banja lokangana, aliyense walozetsa nkhope kwake, wamkulu amakhala kumbuyo. Sipuling'i yonenepa ya pamwamba ndi ankhoswe, ntchito yawo n'kuwakokera pamodzi. Yowonda ya pansi ndi mwana, naye amakoka koma mphamvu n'zochepa. Kachitsulo ka mano ka pakati ndi apongozi, amawatalikitsa pang'onopang'ono. Ndipo chingwe cha handibuleki chimagwira mmodzi yekha, wakumbuyo uja, poti ndiye amamva akaitanidwa. Amayi ako akuti za apongozizo alemba mokakamizidwa.

Ndinayamba kunena nthanoyo mokweza, dzanja likutola m'beseni. Ankhoswe anandivuta, anathawa kawiri, kachitatu anandidula chala, koma analowa. Yakobe anati, "Madala, mukulankhula ndi ndani?" Ndinati, "Ndi anthu anzeru kuposa iwe. Gwira apa."

Kunatsala kuchotsa mpweya m'mapaipi. Yakobe ankathira mafuta kutsogolo, ine ndili chagada kunsi ndi sipanala, ndiye wopopa buleki akanakhala ndani? Amayi ako! Munthu amene chibadwire sanakhalepo pampando wa dalaivala. Ndinkakuwa kuti, "Popani! Popani! Gwirani!" Iwo akuti, "Ndigwire chiyani, chiwongolerochi?" Ndinati, "Ndi phazi, mayi, musachotse phazi!" Iwo akuti, "Mukandikalipiranso nditsika, mupope nokha ndi pakamwa panupo." Ulendo wachisanu ndi chimodzi mpweya unaleka kulavula, mafuta anatuluka oyera, ndipo iwo anakuwa kuti, "Chalimba! Chikukana kutsika!" Mawu okoma chotere sanandiuzepo chikwatirane.

Tinayesa pabwalo katatu, kenaka tinawagoneka a Thandie pa matiresi, amayi ako pambali. Dzuwa linali litapendeka pang'ono. Ine ndinakana mpando. Ndinagona kumbuyo kwenikweni, khutu nditaligunditsa pansi pamwamba pa tayala la kumanzere, njira yonse ndikumvetsera ngati banja lija likukangana.

Ukuchidziwa chitunda chachitali chija chotsikira kukamlatho. Tili pakati pake, munthu wa njinga ya makala anagwa kutsogolo kwathu, matumba mbwee mumsewu, iye ali pansi pa njinga. Ndinamva Yakobe akuitana Yesu, n'kuponda. Dunstan, vani yako inaima. Osakhotera kumanja, osakhotera kumanzere, osalira. Inangoti khuu, ngati ng'ombe yomvera. Wamakalayo anadzuka n'kumasasa fumbi pamphuno penipeni pa galimoto. Yakobe anatembenuka, nkhope ili mbuu, akuti, "Madala, magiya sakanatha."

Sipanala ndabwezera pansi pa mpando pamene unaisiya. Ngati wakwiya, udzandikalipire ukabwera, ndidzamvetsera mwaulemu. Ungodziwa kuti mabuleki akutsogolo nawo ndawamva ayamba kutsokomola.

Pepala latha, tikulemba m'mbali. Akupatsa moni a Liness, apezako bwino. Akupatsa moni Yakobe, amene masiku ano akumandivulira chipewa. Amayi ako akuti mwendo ukuwawabe, uwatumizire mankhwala opaka. Akupatsa moni a Thandie, anachira ndi opaleshoni tsiku lomwelo, adokotala anati tinafika nthawi yake, ndipo dzulo ayenda okha mpaka pakhomo la wodi.

Womaliza kupereka moni sunamuonepo. Ndi wamkazi, tsitsi lambiri, zala zazitali ngati zako. Dzina tikudikira kwa iwe, usachedwe. Za sikelo ndi makadi ake afotokoza amayi ako, ine sindiwerenga. Ndinangomuika pakhutu n'kumvetsera kulira kwake mpaka anatopa. Mwana wanga, mulibe chovuta m'menemo.

Ndine bambo ako,
Mateyu.