Bambo Ako Sali ku Karijini

Joondalup, Perth
Julayi 2024

Wokondedwa mng'ono wanga Prudence,

Landira moni wochokera kutali kuno. Uli bwanji kumeneko ku Migowi, pamodzi ndi alamu ndi ana onse? Mwendo uja unasiya kutupa? Nanga nandolo wagwira bwanji chaka chino? Ine thupi lili bwino, mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndikumwa osadumphitsa. Kuno ndi nyengo yozizira, mvula yake ngati chiperoni chosadziwa kuleka.

Usadabwe kuti ndalemba m'malo moimba foni. Pafoni umandidula ndi kulira ndisanamalize, ndipo nkhani iyi ndikufuna uimve yonse. Kalatayi ndapatsira mtsikana wina wa kutchalitchi kwathu ku Mirrabooka amene akubwera kumudzi.

Kumayambiriro kwa mwezi uno, ana atatsekera sukulu, mwana wathu Rodwell anabwera kuchokera kuntchito kwake ku Kewdale nkhope ili mwee. Anati ndikonzeke, tikupita kokawongola miyendo, ndakhalitsa m'nyumba. Mkazi wake Mwangala anandigulira nsapato zokwerera mapiri ndi chipewa chachikulu. Ine ndinakondwa, ndisaname. Ndinkati mwana waganizira mayi ake.

Tinanyamuka magalimoto awiri, yathu ndi ya a Chilekwa, mnzake wa Rodwell wa ku Zambia, amene anabwera ndi banja lake. Dziko lino ndi lalikulu mopanda chisoni, Prudence. Umayenda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osaona mudzi, mbuzi, ngakhale mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Umangoona dothi lofiira ngati katondo, zulu zotalika kuposa munthu, ndi zimathiraki zokoka ngolo zitatu. Tinagona panjira m'katauni kena ka migodi, mawa lake n'kupitiriza.

Tinafika kumalo otchedwa Karijini. Ndi mapiri amene boma limasunga kuti anthu azikaona, ndipo pakati pake nthaka inang'ambika zigwembe zakuya zoti ukasuzumira mutu umazungulira. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna nyumba yogona alendo. Kunalibe. Kunali tchire, udzu wobaya ndi mibulugama yoyera.

Rodwell anatsegula kumbuyo kwa galimoto, natulutsa chithumba chachitali n'kuchiyala pansi. Inali tenti.

Fungo lake linandipeza asanaiimike n'komwe, fungo lija la pulasitiki yowambidwa ndi dzuwa. Iwe ukulidziwa. Unkalipeza pabwalo la sukulu paja, pamene tinaunjikana amayi m'tenti imodzi ngati matumba a chimanga, napolo wa Freddy atatsika m'phiri n'kusesa mudzi wathu. Unkabwera ndi mbatata yophika m'kambale n'kundipeza nditakhala pakhomo pa tentiyo, ndikuyang'ana kuphiri, kudikira kuti wina abwere anene kuti alamu ako a Bennett apezeka. Tsiku la napololo anandikankha kuti ndithamangire kutchalitchi, iwo n'kubwerera kukamasula mbuzi. Mpaka lero ngakhale nsapato yawo sinaoneke.

Ndiye mwana wanga anaima pambali pa tenti yake akunyadira. Anati, "Amayi, iyi ndi yanu nokha, yatsopano, simupanikizana ndi aliyense." Ndinati zikomo. Ndikanati chiyani, zidzukulu zikudumphadumpha ndi chimwemwe, alendo akuyang'ana?

Sindinalowemo. Kutacha anandipeza m'galimoto nditafunda chitenje, ndipo ndinati msana sukundilola kugona pansi. Mwangala anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakanong'oneza mwamuna wake. Ndinamva iye akuyankha kuti azolowera.

Titamwa tiyi anati titsikire m'chigwembe. Anaikamo masitepe achitsulo otsika mpaka pansi. Pamwamba pali chikwangwani, ndipo nditafunsa Mwangala anandimasulira kuti chikuchenjeza anthu kutulukamo msanga mvula ikayamba, chifukwa madzi amabwera mwadzidzidzi. Ndinayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo ngakhale umodzi, koma ndinatsika ndikuyang'anabe kumwambako.

Tili pakati pa masitepe ndinayamba kumva mkokomo. Anali mathithi chabe, madzi ochepa otsetsereka pathanthwe, koma makoma a chigwembecho amabweza phokoso n'kulikuza. Pansi pake pali miyala yaikulu ngati nyumba, yogona mosanjikizana, ndendende momwe inagonera pamene panali khonde langa. Ndinakhala pansi pomwepo. Iwo ankati ndatopa, anandipatsa madzi ndi bisiketi, a Chilekwa n'kumandiseka kuti amayi a kuphiri agonja ndi masitepe.

Ndinadzikoka mpaka tinafika padziwe lina mkati mwa mitengo ya mikuyu. Ndi malo okongola, sindingakane. Madzi ake obiriwira, ozizira, tinsomba tikuoneka. Mwangala anauza ana kuti asachite phokoso chifukwa eni nthaka, anthu akuda a dziko lino, amalilemekeza dziwelo kuyambira kalekale.

Pamenepo Rodwell anatsegula chikwama chake. Anatulutsa maluwa, atafota kale ndi ulendo, ndi chithunzi cha bambo ake, chija anavala suti tsiku lomwe iye ankalandira digiri ku Zomba. Foni yake anapatsa a Chilekwa kuti azijambula. Kenako anayamba kulankhula ngati wotsogolera mwambo. Anati popeza adadi alibe manda, ndipo mlangizi wina anamuuza kuti munthu amayenera kutsanzika kuti mtima ukhale pansi, iye wasankha malo abwino ano, pakati pa mapiri, poti adadi ankakonda mapiri. Anandipatsira duwa limodzi nati ndiyambe ine, ndinene mawu pang'ono, ndiponye m'madzi.

Apo m'pamene ndinadziwa kuti ulendowu sunali wokawongola miyendo. Onse ankadziwa, ngakhale ana. Wosadziwa ndinali ine ndekha, mwini maliro.

Ndinati, "Rodwell, uza anzakowo atsitse foniyo." Anatsitsa. Ndiye ndinati, "Bambo ako sali kuno. Dziwe ili lili ndi eni ake. Bambo ako ali pansi pa miyala ku Phalombe, komwe anthu anakumba ndi makasu ndi manja mpaka zikhadabo kuthothoka, iwe osabwera."

Nkhope yake inasintha. Anayamba m'Chingerezi, kenako anabwerera ku Chichewa kuti ndimve bwinobwino. Anati, "Ndikanabwera kudzaika chiyani m'manda, thope? Ndinakupezerani nyumba ku Luchenza. Ndinakuchondererani kuti muchoke pansi pa phiri paja. Munakana ndinu, Amayi. Mukanavomera, bwenzi adadi ali moyo lero."

Prudence, chaka chonse ndi miyezi mwana wanga wakhala akundiyang'ana ndi mawu amenewo m'mimba. Wanditengera kuno, wandigulira majuzi, wandiperekeza kuchipatala, uku mumtima akuti uyu ndiye anapha bambo anga.

Iwe unalipo tsiku lija. Tinali pakhonde tikutongola chimanga pamene uthenga wa nyumba ya ku Luchenza unafika. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza zoti mbale ndi mipando tidzanyamula bwanji. Amene anakana ndi alamu ako. Anati sangakakhale m'tauni kumadikira mwana kuti awaponyere chakudya ngati nkhuku ya m'khola. Anati napolo wa 1991 anamuona ndi maso awo ndipo anadutsa, phiri amalidziwa. Koma poti iwo ndi Rodwell anali atangoyamba kumene kulankhulana, pambuyo pa mkangano uja wokwatira osawauza, anaopa kuyambanso moto. Anandipempha kuti ndimuuze kuti wakana ndine. Anati malo ndi a kwanu, mwana amvetsa. Ndinatero, kuti bambo ndi mwana asatayanenso.

Zonsezi ndinamuuza padziwe pomwepo, pamaso pa alendo. Anaseka kuseka kouma. Anati, "Adadi anali mkamwini. Mkamwini angakanirire pamalo a eni? N'kosavuta kunamizira munthu amene sangayankhe."

Mwangala anakoka ana n'kupita nawo poteropo. A Chilekwa anangoti maso pansi ngati ataya singano. Azungu amene ankasambira anatuluka m'madzi mwakachetechete. Rodwell anasiya maluwa pamwala, nabweza chithunzi m'chikwama, n'kuyamba kukwera yekha osacheuka.

Kumalo kuja saloleza kusiya zinyalala. Choncho akazi a Chilekwa anatola maluwa aja, ndipo anathera m'thumba limodzi ndi makoko a nthochi ndi zitini za nsomba. Umo ndi momwe anatsanzikidwira alamu ako.

Pokwera masitepe anandigwira dzanja ndi Mwangala. Ndinkapuma pafupipafupi, iye osadandaula. Tinakhalanso tsiku lina kumeneko poti anali atakonza kale, ena akupita kukaona zigwembe zina, ine nditakhala pamthunzi wa galimoto ndikuingitsa ntchentche. Tenti yanga anaipinda yekha Rodwell, yosagonamo munthu. Ulendo wonse wobwerera tinamva wailesi basi.

Titafika kunyumba, Mwangala analowa kuchipinda kwanga, nagwada n'kuwomba m'manja monga amachitira kwawo. Anapepesa. Anati za tenti anamuchenjeza mwamuna wake tisananyamuke, koma iye anati izi ndi zina, izi ndi zosangalala. Anandiuzanso kuti masiku ambiri Rodwell akafika kuchokera kuntchito satsika msanga. Amakhala m'galimoto pakhomo, akuonera pafoni makanema a madzi aja akutsika m'phiri, kubwereza ndi kubwereza, ngati angaone bambo ake penapake.

Ndinamva chisoni, ndi mwana wanga. Ndikudziwa kuti naye chikumudya. Koma iye wapeza potula katundu wake, ndipo watula pamutu panga. Nanga ine wanga ndikatule kwa yani?

Panopa m'nyumba muno tikukhala ngati anthu odikira basi imodzi. M'mawa Rodwell amati mwadzuka bwanji Amayi, maso ali pafiriji. Anali atayamba kuyendetsa zoti ndikhazikike kuno mpaka kalekale. Ndauza Mwangala kuti amuuze asiye. Sindingadye chakudya cha munthu amene akundisunga ngati wolakwa amene wamukhululukira.

Tsono mng'ono wanga, ndili ndi zopempha. Mwa anthu amene anali pakhonde paja, watsala ndiwe wekha woti n'kunena. Umuimbire Rodwell Lamlungu m'mawa musanapite kutchalitchi, kuno kumakhala kuli masana ndipo amakhala pakhomo. Umuuze zimene unamva ndi makutu ako. Usaonjezere, usamukalipire, ndipo chonde usalire. Akakana kukhulupirira, umusiye. Sindikufuna kuti adzandigwadire. Ndikufuna adziwe bambo ake momwe analili, munthu wabwino, wouma mutu, amene ankaopa mwana wake yemwe kuposa phiri.

Chinanso, ndikubwera mvula isanayambe. Undikonzere kachipinda kako kakuseri kaja, matumba a chimanga ungawasunthire pakona, ine sinditenga malo ambiri. Upite kwa wowotcherera zitsulo wa pamsika paja atipangire mtanda wolimba, alembepo dzina lonse la alamu ako. Ukalankhulenso ndi abambo mfumu kuparishi kuti adzatichitire Misa pamiyala pomwepo, pamene panali nyumba. Zimenezi ndinazizengereza chifukwa mtima unkati mwina adzapezeka. Tsopano ndavomera.

Tsiku likadziwika, ndidzamuuza Rodwell kamodzi kokha. Sindidzamuchonderera. Anatha kuyendetsa galimoto masiku awiri kukafuna bambo ake m'dziwe la eni. Ngati akufunadi kutsanzika, njira ya ku Phalombe akuidziwa, anabadwira komweko.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, ndi kwa amayi a m'limana mwathu, opemphera nawo aja. Uwauze kuti nyimbo zathu ndimaziimba ndekha pochapa mbale. Za m'kalatamu usauze anthu, mwanayo ndi wathu, tisamuvule pagulu.

Mulungu akusunge, akupatse mphamvu m'mwendomo, mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mkulu wako,
Immaculate