Okalamba khumi ndi anayi asowa pa mapu anga

Aphungu,

Ndalembera inu chifukwa kuntchito ndilibe woti ndimuuze, ndipo kunyumba ndimakapeza ketulo yokha ikundidikira.

Ndimakonza mapu pa kompyuta ku ofesi ya zaumoyo. Chipinda changa chili kumapeto kwenikweni kwa khonde. Kale ankasungiramo mipando yothyoka, ina ikadali momwemo. Anthu amagogoda pakhomo panga akasokera pofuna chimbudzi. Bambo amene anandiphunzitsa ntchitoyi anapuma chaka chatha, ndiye ndinatsala ndekha ndi makina osindikizira mapu.

Miyezi iwiri yapitayo abwana anandituma kuti ndikonze mapu a okalamba odwala amene anamwino amawayendera m'makomo. Nyumba iliyonse ndi kadontho, ndipo pambali pa kadonthoko ankafuna lebulo ya mizere itatu: pamwamba dzina, pakati nambala ya nyumba, pansi foni ya wachibale. Zonsezi zinali kale m'tebulo la mu kompyuta, chilichonse m'bokosi lake. Ine ndinangolemba lamulo louza pulogalamu kuti itenge dzina, idule mzere, itenge nambala, idulenso mzere, itenge foni. Zinatuluka mooneka bwino zedi. Ndinadziyamikira ndekha, poti wina wondiyamikira panalibe.

Mkulu wa anamwino atabwera kudzatenga mapuwo anandifunsa kuti, "Nanga timadontho topanda mayinati n'tachiyani?" Ine osayang'ana n'komwe m'tebulo ndinayankha kuti, "Zikhala nyumba zomwe eni ake anasamuka." Ndinkafuna aone kuti ntchito yanga ndimaidziwa.

Lachiwiri lapitali, ndikudutsa pa benchi ya odwala, ndinaona bambo wina wokalamba, telala wakale, miyendo itatupa. Mankhwala a mtima anawathera kalekale, ndipo anabwera wapansi atagwira ndodo. Ndinawamva akuuza namwino kuti, "Mwana wanga, ndakhala pakhonde milungu isanu ndi umodzi ndikuyang'ana kunjira. Ndimati mwina ife opanda abale munatichotsa." Namwinoyo anatambasula mapu anga, dzina lawo panalibe.

Ndinabwerera m'chipinda changa n'kutsegula tebulo lija. Nditafufuza ndinapeza kuti lamulo langa lija likakumana ndi bokosi limodzi lopanda kanthu, limafufuta lebulo yonse, ndi dzina lomwe. Amene analibe foni ya wachibale yoti apereke ndi anthu khumi ndi anayi. Aphungu, anthu amene alibe wowafunsa kuti mwadzuka bwanji ndi omwewo amene ndinawabisa.

Palibe akundiganizira. Anamwino akuyesa kuti dzina la telala linangodumphidwa polemba kaundula. Mapu atsopano tisindikiza mwezi wamawa, ndipo nditadziwa kokonza ndikhoza kukonza mwakachetechete. Ndikaulula mwina andichotsa, chonsecho kuntchito kokhako n'kumene munthu amanditchulako dzina. Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti pa fomu yanga yolowera ntchito, pamene amati wachibale woti aimbiridwe, inenso ndinasiya posalemba. Ndili ndi mantha komanso manyazi. Nditani?

T.N.

Mayi T.N.,

Kalata yanu ndaidumphitsa mzere chifukwa siyofunika kudikira. Ndiyambe ndi chowawa. Kompyuta sinalakwe kwambiri, inachita zimene munaiuza. Inu munalakwa tsiku limene munafunsidwa za timadontho tija n'kuyankha zongoganizira. Safunsa anadya phula. Koma munthu woipa mtima sakanathamangira kukafufuza atamva telala akudandaula, choncho lekani kudzizenga mlandu, yambani kukonza.

Mukangowerenga izi, lembani mayina otsalawo ndi nambala za nyumba zawo papepala, ngakhale ndi bolopeni, mukapereke m'manja mwa mkulu wa anamwino. Muwauze kuti, "Yankho lija ndinakupatsani linali lolakwika, m'nyumbazi muli anthu." Kenako mupite kwa abwana musanaitanidwe. Akhoza kukukalipirani, mwina kukulemberani kalata, sindikunamizani. Komabe bwana wanzeru sataya munthu amene wapeza yekha vuto n'kubwera ndi mankhwala ake. Nkhaniyi ikatulukira kwina, pamenepo ndiye mudzalongedzadi.

Za makompyuta ine ndimadziwa poyatsira pokha, ndiye ndafunsa mlamu wanga amene amakonzanso mapu. Akuti msampha umenewu wagwira ambiri. M'lamulo lanulo muiuze pulogalamu kuti ikapeza bokosi lopanda kanthu iikemo mawu ena, monga akuti "alibe woimbira", kuti mzere wachitatu usameze anzake awiri aja. Akutinso muyatse poti malebulo onse azioneka ngakhale atathithikana, chifukwa pulogalamu imabisa ena pofuna kukongoletsa. Musanasindikize muziwerenga: anthu m'tebulo ndi angati, malebulo pa mapu ndi angati. Ine ndikuwonjeza langizo langa. Timadontho ta anthu opanda woimbira mutipake tofiira, anamwino aziyambira kumeneko.

Tsopano za inuyo. Ntchito yokhudza miyoyo ya anthu sasindikiza munthu m'modzi atadzitsekera pakati pa mipando yothyoka. Pemphani kuti namwino m'modzi aziona mapu aliwonse asanatuluke, ndipo tsiku lina mupite nawo kumakomoko mukaone nkhope za timadontho tanu. Za bokosi la pa fomu yanu, sindikhulupirira kuti padziko lonse mulibe msuweni, mnansi kapena mnzanu wa kusukulu. Mwina mwangotalikirana. Imbani foni Loweruka lino, osadikira kuti ayambe iwo.

Koma chenjezo langa ndi ili: musayerekeze kudikira mwezi wamawa. Telala anali ndi mphamvu zogwira ndodo mpaka kufika pa benchi. Mwa khumi ndi atatu otsalawo, sitikudziwa kuti ndi angati amene angathe kudzuka pa mphasa.

Aphungu