Nkhope ya Bambo pa Mkuwa

Lolemba, 3 Marichi 1653, Haarlem

A Lubbert ogulitsa zithunzi akuti chithunzi changa chija cha zidakwa chatha kale, ndisindikize mapepala ena makumi anayi. "Mdala wogona pambali pa nkhumba uja unamutola kuti? Anthu akufa nako kuseka!" Ndinati ndinangopeka.

Bodza. Ndi bambo anga. Ndinawapeza akusinza pampando ataweruka konyamula migolo ya mowa, kukamwa kuli yasa, n'kuwajambula. Chikho ndi nkhumba ndinawonjezera ndekha. Chimwalirireni amayi, iwo mowa sanalaweko.

Lachitatu, 5 Marichi

Aeltgen, mlongo wanga, wabwera osagogoda. Akuti anzawo a bambo achikhoma chithunzicho pachitseko cha kofululira mowa, ndipo bambo akamadutsa amawalirira ngati nkhumba.

"Achimwene, sukulu yojambulayi bambo anakupititsani ndi msana wawo womwewo. Mwawathokoza bwino."

Ndinati palibe amene akanawazindikira. Akuti, "Ndi mphuno imene ija?"

Lachinayi, 6 Marichi

Ndapala nkhope ija pamkuwa wosindikizira chithunzicho, ndapakanso phula, ndakanda ina ndi singano. Poviika m'asidi maganizo anali kwina, asidiyo wadya mkuwa mopitirira. Chatuluka n'chibanga chakuda basi. Ndipo nanga ndikafafaniza pano, mapepala ali kale m'nyumba za anthu aja ndiwatani?

Lamlungu, 9 Marichi

Kutchalitchi ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Ndinangoona nkhongo ya bambo. Ndatuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Lolemba, 10 Marichi

Sindinagwire singano.

Lachiwiri, 11 Marichi

Bambo abwera masana, ndi zovala zakuntchito, pepala lija lili m'manja, long'ambika m'makona momwe munali misomali. Analiyala patebulo n'kulisalaza ndi chikhatho. Ine ndili njo, inki mpaka m'zigongono.

"Wouter, manjawa wawakhoza," anatero. "Ndi angadi. Nkhumbayi yokha sindikuikumbukira."

Ndinayamba kupepesa. Anandidula.

"Mkuwa wina ulipo?"

Ndinati ulipo.

Anatuluka, n'kubwera atasenza mgolo umene anausiya pakhomo. Anaima pafupi ndi zenera, miyendo tang'a, mitsempha ya m'khosi ili gwa.

"Jambula anthu aone chimene ndimachita nawo mowa. Fulumira, ndi wodzadza uwu."

Ndinatenga singano. Mzere woyamba unakhota. Sindinaufafanize, ndinangopitiriza.