Uvuni wandikana keke isanapse

Lachinayi madzulo, ku Chikamveka.

Lero ndatopa ndi mkwiyo, osati ntchito. Keke ya chinkhoswe cha Esinati, mwana wa achemwali anga, ikufunika Loweruka, koma ndikangoyatsa uvuni, buleka ikugwa, magetsi nyumba yonse n'kuthima. Yagwa kanayi.

Abambo akunyumba akuti, "Mwalumikiza zinthu zambiri inu." Ndachotsa firiji, ketulo ndi wailesi iwo akuona. Ndayatsa uvuni wokha, yagwanso. Angonyamula nyuzi n'kukakhala pakhonde.

Masana ndaitana a Mussa, okonza magetsi a ku Chikanda. Atsegula kumbuyo kwa uvuni n'kundionetsa waya wodyedwa ndi khoswe ukukhudza chitsulo. Ndawapempha kuti angomangirira bulekayo isamagwe mpaka Loweruka. Andiyang'anitsitsa. "Mayi, buleka imeneyi ndi imene yakupulumutsani. Mukufuna keke kapena maliro?" Manyazi andigwira.

Waya wopirira moto alibe, akuti akaufuna m'tauni mawa. Ufa wosakaniza kale uli m'beseni, mazira khumi ndi awiri ali momwemo. Achemwali aimba kawiri kufunsa ngati keke yapsa. Foni ikuliranso, ndipo ine ndikungoyiyang'ana.