Chigoli Chinandipeza Ndikulemba

Lolemba, 14 Okutobala

Okondedwa a Namwino, mwana wanga woyamba,

Ngati wakhala pansi, imirira kaye, chifukwa amene akukulemberayu si munthu wamba. Ndine Wapampando wa Bungwe la Okalipira Oyimbira Mpira Kudzera pa TV, udindo umene ndinadzisankhira ndekha popanda wotsutsa. Kuno tonse tili bwino, kupatula bondo la amayi ako ndi mpando umodzi wa pabalaza.

Chigamulo chako cha pa foni chija sindinachiiwale: BP yanga ikapanda kutsika mwezi uno, TV itsekeredwa m'kabati mpaka ligi ithe. Amayi ako kiyi akuyenda naye kale m'thumba, ndipo akamadutsa pafupi nane amamuliza dala.

Ndiye mlamu wako, mwamuna wa mng'ono wakoyu, mphunzitsi wa masamu amene ndimamutcha a Peresenti, anati andichiritsa. Anabwera ndi kope ndi pensulo.

"Bambo, vuto lanu mumaonera mpira ndi mtima," anatero. "Mtima ntchito yake ndi kupopa magazi basi. Mpira umaoneredwa ndi mutu."

Anandipatsa ntchito. Anyamata athu akapatsirana mpira bwino, ndilembe kamzere. Akautaya, kamtanda. Kukuwa ayi, kutukwana goloboyi ayi.

Loweruka loyamba anatichinya chimodzi kwa duu. Ine ndikufunafuna silipasi yoti ndigende khoma, ndinangomva a Peresenti akuwomba m'manja.

"Tapambana, bambo! Mpira taugwira maperesenti 64, kugolo tawombera ka 17, iwo kawiri kokha."

"Nanga mapointi atatu alowera kuti, aphunzitsi?"

"Amenewo ndi ngozi chabe."

Amayi ako anasuzumira pakhomo. "Ngati mwapambana, bwanji telala wa kuseriyu akuvina ndi jezi ya anzanuwo?" Ine ndinadya osadziwa ngati ndikudya chisangalalo kapena maliro.

Loweruka lapitali ndiye linandimaliza. Tinakumana ndi adani athu enieni, amene sitinawagonjetsepo zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinakhala phee ngati mwana wa sukulu pa mayeso. Kamzere, kamtanda, kamzere. Itatsala mphindi imodzi kulibe chigoli, ndinasokoneza chiwerengero, ndiye ndinawerama kuti ndiyambirenso kuwerenga timizere. Ndili pa 211, nyumba inaphulika.

Podzutsa mutu, ndinaona a Peresenti ali pamwamba pa mpando, taye kumsana, akukuwa kuti, "Chalowa! Mayo ine, chalowa!" Mpando unathyoka mwendo, iwo pansi khu, kukuwa osaleka. Anandikumbatira mpaka magalasi anga anagwa. Munthu wa mutu uja misozi mbwee.

Ine chigolicho sindinachione, mwana wanga. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuchidikira, chinandipeza ndikuwerenga timizere. Anachibwereza kanayi, koma chigoli chobwereza chili ngati tiyi wofunditsa. Ndinayesa kukuwa, pakhosi panangotuluka kachifuwa.

Atapuma, mlamu wako anakonza taye, nayang'ana mu kope langa. "Kunena zoona, bambo, lero tasewera moipa. Sitimayenera kupambana."

Tsono undithandize, iwe unapita kusukulu. Tsiku limene tinagonja akuti tinapambana. Tsiku limene tapambana akuti tinagonja. Dokotala wanga ndiye wathyola mpando, wodwala ndiye wakhala chete. Wachira ndani pamenepa? Amayi ako akuti nyumba yakhala yabata, koma dzulo anandigwira pamphumi nkundifunsa ngati ndikudwala.

Nkhani yabwino ndi iyi: m'mawa uno ndinapita kukayezetsa, makina anawerenga 125 pa 80. Choncho uwaimbire amayi ako abweze kiyi pa msomali. Ndikupemphanso chilolezo chokuwa kawiri pa masewero aliwonse, katatu tikakumana ndi adani aja. Mankhwala ndikumwa, mchere ndasiya, koma mtima umene mukuusungawu mukuusungira ntchito yanji ngati suloledwa kudumpha?

Upereke moni kwa bambo a kunyumba kwako ndi adzukulu anga. Kamng'ono kaja ukauze kuti agogo akasungira malo pafupi nawo, kabwere msanga akaphunzitse kukuwa mawu akadalipo.

Ndine bambo ako,
Wapampando

Ndimati ndimate envelopu, koma dzanja lakana. Nambala ija ya 125 pa 80 ndi yoona, kungoti mwini wake ndi telala, amene anali patsogolo panga pamzere. Yangayo namwino wa kuno anayeza kawiri, nasintha dzanja, kenaka anasiya kuseka nthabwala zanga. Ndakulembera kuseri kwa pepalali, ndi zilembo zing'onozing'ono. Ukaiona, uyambe waimbira ine, usanaimbire amayi ako.