Mpando wa Kumbuyo kwa Lipenga la Marlise

Worcester,
Mwezi wa Disembala

Achemwali anga a Nasibeko,

Landirani moni wochokera kuno ku minda ya mphesa. Kodi mabondo aja akukupatsani mpata? Ndinamva kuti tsopano mukuyenda ndi ndodo. Musachite manyazi, ine ndinayamba kale, koma anthu ndimawauza kuti ndi yoopsezera agalu. Nanga alamu, khutu lija linatseguka, kapena akumvabe zokhazo zimene akufuna? Ife kuno tili bwino. Kutentha kokha, ndi ntchentche zimene zikundikonda kuposa amayi amasiye a ku tchalitchi kwathu.

Nkhani imene ndili nayo ndi ya mdzukulu wanu Marlise, mwana wa mwana wanga malemu Rosaline, amene ndakhala ndikulera chimwalirire mayi ake. Paja mukudziwa kuti amaphunzira lipenga lija lopiringizika ngati matumbo a mbuzi, limene woliza amalowetsa dzanja kukamwa kwake ngati akufufuza mazira m'chisa. Mwezi wathawu anali ndi mayeso aakulu. Mwana amaima yekha pamaso pa oyesa n'kuliza nyimbo zitatu, womuperekeza ndi piyano basi. Akakhoza amutenga ku sukulu yaikulu ya nyimbo ku mzinda wa Kapa. Akalephera abweze lipenga, poti ndi lobwereka, akayambe ntchito yolongedza mphesa m'makatoni monga anzake.

Kusankha nyimbo kokha kunatenga nyengo yonse yachisanu. Lamulo lake ndi lakuti ina ikhale yakale, ina yodekha, ina ya masiku ano. Marlise ankafuna zothamanga zokhazokha kuti oyesa aone zala. Mphunzitsi wake, a Fortuin, anamukaniza. Anati kuthamanga amatha ndi wakuba nkhuku yemwe, koma oyesa akufuna kumva ngati angagwire liwu limodzi nthawi yaitali osaligwetsa. Maina a nyimbozo ndi oluma lilime, ndiye ine ndinazipatsa anga. Yoyamba ndi ya alenje, poti akuti azungu akale ankaitanira nayo agalu kuthengo, ndipo Marlise amayamba ndi imeneyo milomo isanatope. Yachiwiri, yodekhayo, ndinaitcha ya ng'ombe yosowa mwana. Yachitatu ndi ya njuchi m'botolo.

Vuto ndi ili, achemwali. Lipenga limeneli sililira munthu akamaseka. Milomo imayenera kumangika ngati kukamwa kwa thumba, ndipo ikangomasuka pang'ono limatulutsa phokoso limene sindingalilembe kwa mayi wa Mvano ngati inu. Chinanso, mpweya ukazizira m'kati mwake umasanduka madzi. Woliza amayenera kulizunguliza n'kukhuthulira madziwo pansi, ngakhale pakhale abusa kapena nduna. Tsiku lina akukhuthula choncho kunyumba, ine ndinangonena kuti mwanayu wadzinyowetsanso, timugulire thewera. Basitu. Kuyambira apo, akafika pokhuthula madzi n'kuona nkhope yanga, chiseko chimamugwira ngakhale nditakhala chete ngati mtembo. Akuti nsidze zanga zimayankhula.

Mayeso atayandikira anandikhazika pansi kukhitchini. "Oupa, musabwere," anatero, paja kuno agogo aamuna amati Oupa. "Ndikakuonani ndiseka, ndikaseka ndalephera." Ndinati ndivala thumba la anyezi kumutu, iye anati ndiye adzachita kugubuduka pansi. Tinaseka tonse, koma mawuwo anandilowa. Lipenga limenelo ndakhala ndikumunyamulira kuyambira ali wofanana nalo msinkhu. Pa tsiku lake lenileni ine ndikhale pakhonde kuwerenga magalimoto?

Amene amamulizira piyano ndi mayi woyandikana nafe, Tannie Wilna (kuno Tannie ndi ngati kunena azakhali), gogo wathupi amene amalizanso limba ku tchalitchi. Ine ndi iyeyo timanyozana pa mpanda m'mawa uliwonse m'malo mwa tiyi. Atandiona anafuula dzina langa mwa katchulidwe ka kuno kuti, "Iwe Lasarus, nkhope yagwa bwanji ngati buledi wonyowa? Wafa ndani, kapena wakusiya amene unalibe?" Ndinamufotokozera. Kenaka anati mayi amene amamutembenuzira masamba a buku la nyimbo wapita kukachira, ndiye mpando wake uli wopanda munthu. Mpandowo umakhala pambali pa woliza piyano, kumbuyo kwa woliza lipenga. Mwana amayang'ana oyesa, sangandione. "Koma ukangotsegula pakamwa," anatero, "ndikutsekera m'piyano momwemo, akakupeze adzukulu a adzukulu ako."

Ndinamuuza kuti ine timbululu tija tokwera pa waya m'buku la nyimbo sindidziwa kuwerenga, sukulu yanga inathera pomwe inu mukudziwa. Anati palibe kanthu, mwambo wake ndi wakuti woliza akagwedeza mutu, iwe tembenuza tsamba. Marlise anavomera monyinyirika, ndipo anandilumbiritsa kuti maso anga asachoke pa buku.

Tinayeserera kunyumba kwa Wilna. Achemwali, palibe anandichenjeza kuti gogo ameneyu akayamba kuliza amagwedeza mutu nthawi yonse ngati gulo pa mtengo. Iye gwede, ine tsamba. Gwede, tsamba. Nyimbo ya alenje inatha agalu asanatuluke pakhomo. Wilna anandifunsa ngati ndikukupiza moto kapena ndikuwerenga nyuzipepala ya dzana. Ndinati ndikungomvera malamulo. Pamapeto pake tinagwirizana kuti nthawi ikakwana azindigunda ndi bondo. Ndinamuuza kuti bondo limenelo ndakhala ndikulidikira zaka zambiri. Anandimenya ndi buku la njuchi m'botolo, koma ndinaona kuti anakondwa.

Tsiku la mayeso ndinavala suti ija ya pa ukwati wa Rosaline. M'holo munali oyesa kutsogolo ndi nkhope zawo zosadya mchere, ndi makolo ochepa kumbuyo kwawo. Nyimbo ya alenje itayamba ndinazindikira chinthu chimene Wilna sanandiuze. Lipenga limeneli kukamwa kwake kumaloza kumbuyo. Oyesa amangolandira mawu amene agunda khoma n'kubwerera, koma oyamba enieni ankabwera molunjika pa chifuwa changa. M'holo yaikulu choncho, si lipenga lija limene ndimalimva kukhitchini likulimbana ndi mapoto.

Yoyamba inadutsa bwino, bondo likugwira ntchito yake. Itafika ya ng'ombe yosowa mwana, sindikudziwa chinandichitikira. Dzina limenelo ndinalipereka mochita nthabwala, koma pamenepo linandibwerera. Ndinaganiza za Rosaline, amene sanamve mwana wake akuliza ngakhale liwu limodzi. Misozi inayamba yokha, ndipo mpango unali m'thumba la kumbuyo, ndaukhalira.

Pakati pa nyimbo imeneyi pali malo amene piyano imayenda yokha, kuti woliza lipenga apume ndi kukhuthula madzi asanagwire liwu lalitali lija limene a Fortuin ankanena. Kwa Wilna mwana ankakhuthulira mu mphika wa maluwa pa zenera, kutali ndi ine, ndiye palibe anaganizapo. Koma m'holo, pochita ulemu kuti asakhuthule moyang'anizana ndi oyesa, anatembenukira kumbuyo. Madzi ali tho, tho pansi, maso athu anakumana.

Ndinaona milomo yake ikunjenjemera. Mumtima ndinati Lazalo, wamupha mwana. Ndinayesa kuimitsa nsidze, ndinayesa kumeza misozi, koma nkhope inakana kundimvera. Anandiyang'anitsitsa, ndipo milomo ija inaleka kunjenjemera. Nthawi yomweyo bondo la Wilna linandipeza mwamphamvu ngati la bulu, ine n'kutembenuza tsamba. Marlise anatembenukira kwa oyesa, anakoka mpweya, n'kuligwira liwu lija. Linayamba laling'ono, linakula, linabwerera pang'onopang'ono mpaka kuzimirira, osagwedezeka. Za njuchi m'botolo musandifunse, ndinangomva bondo.

Tili panja anandikumbatira lipenga lili m'manja. "Oupa, mukamalira mumaoneka ngati mbatata yootcha," anatero. "Chiseko chinafika pakhosi, koma ndinaopa kuti mwina mukufa." Ndinamuuza kuti sindinalire, linali fumbi la m'piyano. Wilna anati piyano ilibe fumbi, fumbi lili m'mutu mwa nkhalamba.

Sabata yatha a Fortuin anabwera okha kunyumba kudzatiuza kuti wakhoza. Lipenga sabweza, ndipo ku Kapa akuyamba mu Febuluwale. Mwana wanenetsa kuti kulikonse kumene adzalize ndi piyano, mpando wa kumbuyo uja ndi wanga. Anandiletsa kulowa m'holo, lero ndine ndimamva ndisanagawire oyesa zotsala.

Pempho langa ndi limodzi. A Fortuin akuti chaka chamawa, pa nyimbo zake, Marlise akhoza kuikapo imodzi ya kwawo kwa agogo ake, iwo aikonzera mbali ya piyano. Ndinamung'ung'udzira ija amayi ankaimba popeta, koma ndikukumbukira theka lokha, ndipo mawu amene atsala m'mutu mwanga ndi aja ndinaikamo ine ndili mwana onena za mimba ya aphunzitsi athu, amene amayi anandithamangitsira ndi lichero. Amenewo sangapite ku Kapa. Chonde muimbire mu foni ya mwana wanu Dalesi, yonse bwinobwino monga amayi ankaimbira, atitumizire.

Mundiperekere moni kwa alamu, mofuula. Moni kwa Dalesi ndi amuna ake, kwa adzukulu onse, ndi kwa msuweni wathu amene ankati ine ndidzayankhula ngakhale m'bokosi. Mumuuze kuti ndinakhala chete nyimbo zitatu zathunthu pamaso pa anthu. Akakana kukhulupirira, umboni ulipo, ntchafu yanga ikadali yotupa.

Tsalani ndi Mulungu, ndipo ndodoyo musamenyere alamu.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Lazalo Kamtedza